Banki ikafuna kulanda nyumba imene mukuchita lendi ku England

Kalata ija inabwera pamodzi ndi timapepala totsatsa pitsa ndi makapeti. Ndinaipeza pansi kuseri kwa chitseko m'mamawa, ndikuchokera ku shifiti ya usiku. Pa envulopu panalibe dzina langa, panalibenso la alandilodi. Panangolembedwa kuti "The Tenant or Occupier". Ndinaiika pamwamba pa filiji pamodzi ndi mapepala enawo, ndipo inagona pamenepo masabata angapo. Tsiku limene ndinaing'amba, mlandu wa nyumba imene ndinkagonamo ndi ana anga unali utazengedwa kale ku khoti, ine kulibe. Lendi ndinkalipira mwezi ndi mwezi osaphonya. Amene sankalipira ngongole ku banki anali eni nyumba, ndipo sanandiuzepo kanthu.

Ndikulemba izi kuti wina asataye masiku ngati mmene ndinatayira ine. Zonse zimene ndifotokoze ndi za ku England. Ku Wales gawo lokhudza banki ndi lofanana, koma malamulo a lendi kumeneko anasintha mu December 2022. Ku Scotland ndi ku Northern Ireland ali ndi malamulo awoawo, choncho amene muli kumeneko funsani a uphungu a kwanuko.

Vutoli lakula m'zaka zapitazi chifukwa cha chiwongoladzanja. Bank of England inachikweza kuchoka pa 0.1 peresenti mu December 2021 kufika pa 5.25 peresenti mu August 2023, ndipo eni nyumba ambiri anangoona ndalama yobweza pamwezi yalumpha. Ife obwera timakhudzidwa kwambiri chifukwa cha mmene timapezera nyumba. Nthawi zambiri sitidzera kwa ejenti. Timamva kutchalitchi kapena pa gulu la WhatsApp kuti m'bale wina wagula nyumba ina ndipo yakaleyo akuichititsa lendi. M'baleyo ngongole yake anaitenga ngati yogulira nyumba yokhalamo yekha, ndipo banki sanaiuze kuti waikamo anthu. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Tsegulani kalata iliyonse yolembedwa "Tenant" kapena "Occupier"

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma pa nkhani iyi lamulo limakakamiza banki kuimba ng'oma. Banki ikakasuma, khoti likaiuza tsiku la mlandu, iyenera kutumiza kalata ku nyumbako pasanathe masiku 5, yopita kwa wochita lendi kapena aliyense wokhalamo. Iyeneranso kudziwitsa khonsolo ya deralo. Kalata yotereyi ndi yanu, muli ndi ufulu wonse woitsegula. Ya dzina la alandilodi musatsegule, koma mukaona makalata a banki imodzimodzi akuchulukira pakhomo, kapena munthu wabwera kudzajambula nyumba n'kumafunsa kuti mukukhalamo ndani, yambani kutchera khutu.

M'kalatamo mupeza zinthu zinayi zimene muyenera kuzilemba penapake nthawi yomweyo: dzina la banki, dzina la maloya ake, nambala ya mlandu, ndi tsiku ndi khoti kumene mlanduwo ukazengedwe. Jambulani kalatayo pa foni, ndi envulopu yomwe.

Kalatayi sikutanthauza kuti nyumba yapita. Eni nyumba akasonyeza jaji kuti angathe kumalipira ngongole ya mwezi ndi kuwonjezerapo pang'ono pa zotsalira, kawirikawiri jaji amawapatsa mpata, ndipo inu mumapitiriza kukhala. Komanso palibe amene angakutulutseni mawa. Banki iyenera kupeza chigamulo cha khoti kaye, kenako chilolezo chotumizira ma bailiff, amene kwathu timawadziwa ngati masherifu. Wina aliyense wobwera kudzasintha maloko kapena kukuopsezani kuti mutuluke popanda njira imeneyi akuphwanya lamulo la Protection from Eviction Act 1977, ndipo ndi mlandu woti mukhoza kuitanira apolisi ndi kukanena ku khonsolo.

Aimbireni alandilodi, kapena bwino kwambiri alembereni uthenga kuti yankho likhale lolembedwa. Afunseni mwaulemu koma mosapita m'mbali: kodi banki ikudziwa kuti muno muli tenanti? Kodi ngongole yanu ndi ya buy-to-let, yogulira nyumba yochititsa lendi? Kodi mukapita ku khoti? Ena amanena zoona. Ena amati musadandaule, ndakonza kale. Mawu amenewo alandireni, koma musasiye kuchita zimene zili m'munsimu chifukwa cha iwo.

Dziwani ngati mgwirizano wanu ukuimanga banki

Apa ndichedwapo, chifukwa ufulu wanu wonse ukudalira yankho la funso limeneli. Matenanti alipo a mitundu iwiri pamaso pa banki. Alipo amene mgwirizano wawo wa lendi banki iyenera kuulemekeza, ndipo alipo amene banki imawaona ngati analowa iyo isanavomere.

Muli m'gulu loyamba ngati chimodzi mwa izi chili choona. Munalowa m'nyumbamo eni ake asanatenge ngongole imene ikuvutayo, mwachitsanzo ngati anasintha banki inu muli kale momwemo. Kapena ngongoleyo ndi ya buy-to-let, yomwe banki imapereka ikudziwa kuti nyumbayo ndi yochititsa lendi, ndipo mgwirizano wanu sukusemphana ndi mfundo za ngongoleyo. Kapenanso eni nyumba anapempha chilolezo ku banki choikamo munthu ndipo anapatsidwa.

Njira yachidule yoyambira kufufuza ndi ya HM Land Registry, ofesi ya boma yosunga kaundula wa malo ndi nyumba. Pa webusaiti ya boma ya GOV.UK mukhoza kugula chikalata cha nyumba iliyonse chotchedwa title register pa mapaundi 7. Chimasonyeza mwini wake weniweni, banki imene inagwira nyumbayo ngati chikole, ndi deti limene chikolecho chinalembedwa. Ikani deti limenelo pafupi ndi deti limene munalowa m'nyumba. Samalani kuti mugule pa tsamba la boma lenileni, chifukwa alipo masamba ena ofanana nalo amene amalipiritsa ndalama zambiri pa chikalata chomwecho. Ngati munasainanso mgwirizano watsopano pakati pa ulendo, nkhani ya madeti imasokoneza pang'ono, ndipo ndi yofunika kuionetsa kwa loya.

Mgwirizano wanu ukakhala woimanga banki, banki imalowa m'malo mwa alandilodi. Singakutulutseni pogwiritsa ntchito chigamulo chimene yapeza pa mlandu wa eni nyumba. Ikafuna nyumba yopanda munthu kuti igulitse, iyenera kukupatsani notisi yanuyanu ndi kupitanso ku khoti. Lamulo la Renters' Rights Act 2025 likuthetsa notisi ya section 21, ija yotulutsa munthu popanda chifukwa, kuyambira pa 1 May 2026, ndipo pansi pa lamulo limeneli notisi ya banki yofuna kugulitsa nyumba, yotchedwa Ground 2, ndi ya miyezi 4. Mabanki ena safuna n'komwe kukutulutsani. Amasankha munthu wotchedwa receiver kuti azitolera lendi m'malo mwa eni nyumba, kapena amagulitsa nyumbayo kwa landilodi wina inu muli momwemo.

Koma banki singalemekeze mgwirizano umene sikuudziwa. Lemberani maloya ake, tchulani nambala ya mlandu, nenani kuti ndinu tenanti kuyambira tsiku lakuti, ndipo tumizani kope la mgwirizano. Choyambirira sungani nokha.

Mukakhala m'gulu lachiwiri, monga mmene ndinaliri ine, zinthu ndi zolimba koma simuli manja lende. Kale anthu otere ankangodzidzimuka masherifu ali pakhomo. Kuyambira pa 1 October 2010 pali lamulo la Mortgage Repossessions (Protection of Tenants etc) Act 2010, limene limakupatsani ufulu wopempha khoti kuti lichedwetse kulanda nyumbako mpaka miyezi 2 kuti mupeze kolowera. Miyezi iwiriyi sibwera yokha. Muyenera kuipempha, ndipo mungapatsidwe kamodzi kokha.

Amene mukukhala m'chipinda m'nyumba imodzi ndi eni ake, mukuphikira khitchini imodzi, lamulo limeneli silikukutetezani. Inu yambani kufunafuna malo tsiku lomwelo ndipo thamangirani ku khonsolo.

Pezani uphungu waulere, sonkhanitsani umboni

Safunsa anadya phula. Kuyambira mu August 2023 pali chithandizo chotchedwa Housing Loss Prevention Advice Service, chimene chimapereka loya waulere kwa munthu amene ali ndi kalata yosonyeza kuti akhoza kutaya pokhala, posayang'ana kuti amalandira ndalama zingati. Maloya omwewa amapezekanso pa khoti tsiku la milandu ya nyumba. Bungwe la Shelter lili ndi foni yaulere ya anthu amene ali pamavuto achangu, 0808 800 4444, ndipo a Citizens Advice ali ndi maofesi m'matauni ambiri. Kufunsa uphungu kumalo amenewa sikukhudza viza yanu.

Umboni wofunika ndi wosonyeza kuti ndinudi tenanti ndipo mumalipira. Mgwirizano wa lendi, masitetimenti a ku banki osonyeza lendi ikutuluka, kalata ya dipoziti, mabilu a council tax (msonkho wa khonsolo), a magetsi ndi a gasi a dzina lanu. Ngati simunasainirane pepala lililonse, musataye mtima, chifukwa mgwirizano wapakamwa nawonso ndi mgwirizano pamaso pa lamulo. Mauthenga a pa WhatsApp amene munkakambirana za lendi asindikizeni papepala. Amene mumalipira ndalama pamanja, kuyambira lero muzilipira kudzera ku banki, kapena muzilandira lisiti losainidwa.

Pitani ku khoti

Ambiri a ife mawu akuti khoti amatiopsa, makamaka tikakhala pa viza ya ntchito kapena ya sukulu. Timaganiza kuti dzina likangolembedwa kumeneko, mapepala aonongeka. Mlandu uwu si wanu. Woimbidwa mlandu ndi mwini ngongole, ndipo inu mukupita ngati munthu wokhudzidwa amene lamulo lamupatsa mpata wolankhula. Pemphani tsiku kuntchito, sinthanani shifiti ndi mnzanu, koma pitani.

Mlandu umachitikira ku County Court ya dera lanu, m'kachipinda kakang'ono, ndipo umatenga mphindi zochepa. Fikani kukadali ola lathunthu. Mukadutsa pa chipata pomwe amasecha zikwama, funani munthu wotchedwa usher, amene amakhala ndi mndandanda wa milandu ya tsikulo. Muuzeni nambala ya mlandu, kuti ndinu tenanti wa m'nyumbayo ndipo mukufuna kulankhula ndi jaji. Mufunseninso kumene kuli loya waulere wa tsikulo. Ngati nthawi ilipo tsikulo lisanafike, ndi bwino kulemberatu pempho lanu pa fomu ya N244 ndi kukalisiya ku khoti.

Pamaso pa jaji nenani zinthu zogwirika. Muli ndi ana angati ndipo amaphunzira sukulu iti, ngati wina ali pafupi kulemba mayeso, ngati m'nyumbamo muli wodwala, wolumala kapena mayi woyembekezera, kumene mwafunsa kale nyumba ndi zimene akuyankhani. Lamulo limauza jaji kuti aganizire mmene zinthu zilili kwa tenanti, komanso ngati tenantiyo waphwanya mgwirizano wake, monga kusalipira lendi. Jaji akhoza kukupatsani nthawiyo ndi lamulo loti muzilipira ndalama ku banki m'malo mwa eni nyumba. Kulipira kumeneko sikukusandutsani tenanti wa banki, koma musaphonye.

Ngati tsiku la mlandu linakudutsani

Mpata wachiwiri ulipo, ndipo ndi umene unandipulumutsa ine. Banki ikafuna kutumiza masherifu, iyenera kutumizanso notisi ina ku nyumbako, ndipo singakutulutseni pasanathe masiku 14 chitumizireni notisiyo. Masiku amenewa amawerengedwa ndi Loweruka ndi Lamlungu lomwe, choncho tsiku limene mwailandira ndi tsiku loti muyambe kuchitapo kanthu.

Choyamba lemberani banki kapena maloya ake, pa adiresi imene ili pa notisiyo, kupempha kuti akulonjezeni molemba kuti sakutulutsani kwa miyezi 2. Sitepe imeneyi musaidumphe, chifukwa khoti silingamve pempho lanu musanayambe mwapempha banki. Tumizani pa imelo ndi pa positi pomwe, phatikizani umboni wanu, ndipo nenani kuti mukufuna yankho m'masiku awiri kapena atatu. Lonjezo la pa foni si lonjezo. Akakana, kapena akangokhala chete, tengani fomu ya N244 mupite nayo ku khoti lomwe lija, muwauze a pa kauntala tsiku limene masherifu akubwera kuti aike pempho lanu patsogolo. Fomuyi ili ndi malipiro ake, koma amene mumalandira zochepa mukhoza kupempha kuchotseredwa kudzera pa Help with Fees, fomu ya EX160.

Ine ndinalemba kalatayo pa tebulo la kukhitchini ana atagona, mnzanga wa kutchalitchi akundiwerengera masitetimenti. Yankho linabwera patatha masiku anayi, mizere itatu yokha, yovomera miyezi iwiri. Ndinalisindikiza n'kulimata kuseri kwa chitseko.

Lendi musasiye

Mtima umawawa kupereka ndalama kwa munthu amene mukudziwa kuti sakukaipereka ku banki. Ndikumvetsa, inenso ndinafuna kuleka. Koma mgwirizano wanu ndi eni nyumba udakalipo mpaka tsiku limene banki yatenga nyumbayo, ndipo mukasiya kulipira mumadzipangira ngongole yanuyanu, mumafooketsa pempho lanu kwa jaji, ndiponso mumaononga mbiri imene landilodi wotsatira adzafunse. Pitirizani kulipira kwa amene mumalipira mpaka mutalandira kalata ya khoti, ya banki kapena ya receiver yonena kuti musinthe. Kalata yotero ikabwera, imbirani banki pa nambala imene mwaipeza nokha kuti mutsimikize musanatumize ndalama ku akaunti yachilendo. Chimene ndingakuletseni ndi kulipiriratu miyezi ingapo, ngakhale alandilodi atadandaula chotani kuti ndalamayo ipulumutsa nyumba. Nyumba ikapita, ndalama imeneyo kuipezanso n'kovuta.

Musathamangirenso kutuluka mwakachetechete. Mukapeza nyumba ina msanga, perekani notisi yoyenera, kapena gwirizanani ndi eni nyumba molemba kuti mgwirizano watha tsiku lakuti, kuopa kudzalipira malo awiri.

Khonsolo

Pansi pa Homelessness Reduction Act 2017, khonsolo iyenera kuyamba kukuthandizani ngati mukhoza kusowa pokhala m'masiku 56 akubwerawa. Musadikire masherifu. Pitani ndi kalata ya banki ija, ndipo musatuluke m'nyumba musanalankhule nawo, chifukwa akhoza kunena kuti munachoka mwakufuna kwanu. Mabanja a ana ndi amayi oyembekezera amaikidwa patsogolo pa malo ogona achangu.

Pano pali chowawa chimene sindingabise. Ambiri a ife, makamaka ogwira ntchito yosamalira okalamba ndi ophunzira, viza yathu ili ndi mawu akuti no recourse to public funds, kutanthauza kuti sitiloledwa kulandira mitundu ina ya chithandizo cha boma, ndipo chithandizo cha nyumba cha khonsolo chili m'gulu la zoletsedwazo. Komabe uphungu wa khonsolo ndi waulere kwa aliyense wokhala m'deralo. Ndipo ngati muli ndi ana ndipo mulibiretu kolowera, a social services, nthambi ya khonsolo yoona za ana ndi mabanja, ali ndi udindo wounika banja lanu pansi pa section 17 ya Children Act 1989, ndipo chithandizo chimenecho sichiwerengedwa ngati public funds. Kwa otsalafe, miyezi iwiri ija ndi yofunafuna nyumba tsiku ndi tsiku. Konzeranitu share code ya right to rent (nambala yosonyeza landilodi kuti muli ndi ufulu wochita lendi), mapepala a malipiro a miyezi itatu, ndi kalata ya kuntchito. Uzani anthu a kutchalitchi ndi a kuntchito poyera. Manyazi a nkhaniyi si anu.

Dipoziti ndi tsiku lotuluka

Dipoziti yanu inayenera kusungidwa pasanathe masiku 30 ku limodzi mwa mabungwe atatu ovomerezeka: Deposit Protection Service, MyDeposits kapena Tenancy Deposit Scheme. Fufuzani pa masamba awo onse atatu pogwiritsa ntchito positikhodi, dzina lanu ndi deti lolowera. Ikapezeka, ndalamayo ndi yotetezeka ngakhale eni nyumba atagwa, ndipo mudzaipempha kumeneko. Ikapanda kupezeka, mukhoza kuwasumira eni nyumba kuti abweze dipozitiyo ndi chindapusa cha kuyambira kamodzi mpaka katatu pa ndalamayo. Mukhozanso kuwasumira pa zimene mwataya chifukwa chotulutsidwa nthawi isanakwane, monga ndalama ya galimoto yosamutsira katundu. Ingoganizirani kaye ngati munthu amene walephera ngongole ya banki angakhale ndi chokupatsani, ndipo funsani loya musanalipire ndalama ya khoti.

Masherifu amatumiza notisi yawo yonena tsiku ndi ola. Yesetsani kuti katundu yense akhale atatuluka dzulo lake, chifukwa amabwera ndi wosintha maloko, ndipo chotsala m'katimo mudzachita kupempha tsiku kwa ejenti wa banki kuti mukachitenge. Mapasipoti, masatifiketi a sukulu, makalata obadwira ana ndi mankhwala zikhale m'chikwama chimene chili pathupi panu. Jambulani chipinda chilichonse mutasesa, jambulaninso mamita a magetsi, gasi ndi madzi manambala akuoneka bwino, muwatumize ku makampani ake tsiku lomwelo. Dziwitsani khonsolo kuti aleke kukuwerengerani council tax ya nyumbayo, sinthani adiresi ku banki, kwa dokotala, kusukulu ya ana ndi kwa olemba ntchito anu, ndipo amene muli pa viza musinthenso pa akaunti yanu ya UKVI, ofesi ya boma yoona za maviza. Makiyi perekani m'manja mwa bailiff kapena ejenti wa banki, ndipo akulembereni kuti alandira, tsiku lake ndi ola lake.